Kwa eni ake a tiyi wobiriwira: masiku 8 ku Shizuoka ndi ku Uji

28 Epulo, Shizuoka

Ndafika bwino ku Japan. Mphwanga anandichingamira pa siteshoni ya Shizuoka dzuwa litapendeka, koma tiyi ndinali nditamuona kale pawindo la sitima: mizere yometedwa mosalala, yotukuka pakati ngati msana wa mbozi, yokwera m'mapiri kuseri kwa nyumba za anthu. Mtima unagunda. Ine ndinabadwira pa esiteti ku Thyolo. Amayi anatchola tiyi zaka zoposa 20, ndipo lero ndimagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Mulanje. Choncho mphwanga, amene akuphunzira kuno, atandiuza pa foni kuti, "Achimwene, mukafuna kubwera mubwere kumapeto kwa Epulo, ndi pamene amatchola tiyi woyamba," ndinayamba kusunga ndalama mwezi womwewo.

Tafikira kwa mayi wina wachikulire amene mphwanga amachita lendi chipinda m'nyumba mwawo. Tisanakhale n'komwe pansi anali atateleka madzi. Madziwo atawira sanawathire pamasamba ayi. Anayamba awagawa m'timakapu titatu topanda zogwirira kuti apole pang'ono, kenako n'kuwatsanulira m'katipoti kadothi kokhala ndi chogwirira cham'mbali, kamene amakatcha kyusu. Tinadikira ngati mphindi imodzi. Pogawa ankathira pang'onopang'ono, kapu iyi, iyo, inayo, n'kubwereranso chammbuyo, kuti wina asalandire wamadzimadzi pamene mnzake walandira wowawa. Dontho lomaliza analigwedezera mu kapu yanga poti ndine mlendo.

Patebulo panalibe shuga, panalibe mkaka. Fungo lake linandikumbutsa nkhwani wongoponyedwa kumene m'madzi owira. M'kamwa ankamveka ngati msuzi, ndipo nditameza kunatsala kakutsekemera kena chakukhosi. Ndinakhala chete. Ndakulira m'tiyi, ndayeza tiyi pasikelo, ndaphunzitsa anthu kudulira tiyi, koma kukoma kwa tsamba lenilenilo, lopanda masupuni atatu a shuga pamwamba pake, ndakumva lero.

Mbewu yake ndi yomwe ija, Camellia sinensis. Kungoti kuno amalima mtundu wa masamba ang'onoang'ono wochokera ku China, wopirira chisanu, pamene wathu wambiri ndi wa masamba aakulu, wa mtundu wa ku Assam.

29 Epulo, Makinohara

Tinakwera sitima mpaka ku Shimada, n'kuwoloka mtsinje wa Oi wapansi pa mlatho wamatabwa wa Horai. Ndi wautali mamita 897.4, ndipo unamangidwa mu 1879 kuti anthu azifika mosavuta kuminda ya tiyi ya tsidya linalo. Tinalipira ma yen 100 aliyense.

Tsidya linalolo ndi Makinohara, mtunda waukulu wathyathyathya, pafupifupi mahekitala 5,000 a tiyi yekhayekha. Mbiri yake ndi imene yandigwira mtima. Mu 1868 ulamuliro wa banja la Tokugawa unatha, ndipo asilikali ake, a samurai aja, anatsala opanda ntchito. Chaka chotsatira mabanja oposa 200, motsogozedwa ndi Chujo Kageaki, anabwera kudzaswa mphanje patchire ili, limene alimi a mpunga ankalikana chifukwa linalibe madzi. Manja ozolowera lupanga anagwira khasu. Posakhalitsa kunabweranso gulu lina la osowa pogwira. M'nthawi ya a Tokugawa kunali koletsedwa kumanga mlatho kapena kuyendetsa bwato pa mtsinje wa Oi, ndiye panali amuna amene ntchito yawo inali kuwolotsa apaulendo powanyamula pamapewa kapena pamachira. Mu 1870 lamulolo litachotsedwa, ntchito yawo inafera pomwepo, ndipo ena a iwo anakwera mtunda womwewu kudzabzala tiyi. A samurai ambiri pambuyo pake analephera kupirira n'kuchoka, minda n'kugwera m'manja mwa alimi a m'midzi yozungulira.

Ndinaima pakati pa mizere n'kumaganiza za agogo anga aamuna. Kwathu tiyi anafika ku Blantyre Mission mu 1878, ndipo mu 1891 Henry Brown anamubzala ku Mulanje. Amene anazula zitsa ndi kukumba mayenje anali anthu ngati agogo, Alomwe othawa ku Mozambique, ogwira thangata pamalo a mwini wina kuti aloledwe kumangapo kanyumba. Kuno nako thukuta linatuluka lambiri, njala inalipo. Koma minda inathera m'manja mwa mabanja amene amailima, ndipo lero ukafunsa kuti mzere uwu ndi wa yani, amakutchulira banja.

Chimene mlendo aliyense amafunsa ndi mapolo aatali odzaza m'minda monse, aliyense ali ndi fani pamwamba yoweramira pansi. Ndi zolimbana ndi chisanu. Usiku wopanda mitambo m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, mpweya wozizira umakhala pansi penipeni pamene pali nsonga zanthete, pomwe wofundirapo uli mamita ochepa mmwamba. Kukazizira kufika pa mlingo wina mafani amayaka okha n'kumakankhira mpweya wofundawo pamasamba. Usiku umodzi wa chisanu ungathe kupsereza tiyi woyamba yense, ndipo tiyi woyambayo ndi amene amabweretsa ndalama yaikulu ya chaka.

Tiyi wambiri amene ndaona lero ndi mtundu umodzi, Yabukita. Anausankha mlimi wa ku Shizuoka konkuno, Sugiyama Hikosaburo, mu 1908. Dzinali limangonena kumene anaupeza, kumpoto kwa nkhalango ya nsungwi. Iye anamwalira mu 1941, mtunduwu usanalembedwe ndi boma mu 1953, ndipo lero uli pa magawo pafupifupi 7 mwa magawo 10 a minda yonse ya tiyi ku Japan.

30 Epulo, kumsika ndi kufakitale

Tinadzuka kuli mdima. Mphunzitsi wina wa mphwanga anatipemphera malo oti tionere malonda pa msika wa tiyi wa mumzinda wa Shizuoka. Ndimayembekeza kuona zonga za ku okushoni ya ku Limbe, koma kuno malonda ndi a pakati pa anthu atatu: wogulitsa, wogula ndi mkhalapakati. Zitsanzo zimayalidwa m'timbale takuda. Wogula amatapa masamba m'manja, kuwafinya, kuwanunkhiza, kenako kuwathira madzi owira m'timakapu toyera kuti cholakwika chilichonse chionekere. Mtengo satchula pakamwa. Mkhalapakati amanyamula kachipangizo kakale kowerengera ka mikanda yamatabwa, soroban, n'kumasuntha mikandayo mobisa kuti oyandikana nawo asaone. Akagwirizana, onse atatu amaomba m'manja katatu, phwa phwa phwa, basi malonda atha. Kuombako kunkamveka uku ndi uku m'holo monse.

Masana tinapita kukafakitale kakang'ono ka mabanja angapo. Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene chimasiyanitsa tiyi wawo ndi wathu. Kwathu tsamba timalifotetsa, kuliphwanya, n'kulisiya kuti lifiire ndi mpweya, monga imaderera mbatata yosenda ukaisiya pambale. Ndiye tiyi wakuda ameneyo. Kuno akuthamanga kuti tsamba lisadere n'komwe. Likangofika kuchokera kumunda limalowa mu nthunzi yotentha, masekondi 30 kapena 40, ndipo nthunziyo imapha mphamvu imene imadetsa tsamba. M'dera lino ambiri amalisiyamo nthawi yowirikiza kawiri kapena kuposa, chifukwa masamba a pamtunda wowala dzuwa amakhala ochindikala ndi owawirapo. Tiyi woteroyo amatchedwa fukamushi, ndipo madzi ake amakhala obiriwira kwambiri, a timbulumbulu.

Likachoka mu nthunzi, tsamba limadutsa m'makina angapo olipukusa, kulikanya ndi kuliumitsa pang'onopang'ono, mpaka omaliza amene amaliwongola kuti likhale ngati singano. Zonsezi zimatenga maola ngati 4. Makilogalamu 5 a tsamba lamunda amatulutsa kilogalamu imodzi. Mkulu woyang'anira nthunzi sanachoke pamalo ake nthawi yonse imene tinali pomwepo. Ankangotapa masamba otentha, kununkhiza, n'kusintha kena kake pamakinapo. Iyenso ndi mlimi, ndipo ena mwa masamba amene ankadutsawo anali a m'munda mwake.

Alimi anga a ku Mulanje tsamba lawo limathera pasikelo. Lole ikanyamuka, sadziwanso kuti linasanduka chiyani, linagulidwa ndi ndani, linakoma kapena ayi. Ndagona ndi maganizo amenewa.

1 Meyi, Higashiyama, Kakegawa

Lero ndi tsiku limene ndinadzera. Amalitcha hachijuhachiya, kutanthauza usiku wa 88 kuwerenga kuyambira pa tsiku loyamba la nyengo ya kuphukira kwa zomera pa kalendala yawo yakale, kumayambiriro kwa Febuluwale. Chaka chino cha 2025 lagwa pa 1 Meyi, zaka zina limagwa pa 2. Akuluakulu amati womwa tiyi wotcholedwa lero sadwaladwala chaka chonse.

Mudzi wa Higashiyama uli m'tsinde mwa phiri la Awagatake. Pachifuwa pa phirilo anabzala mitengo mwa dongosolo loti ipange chilembo chimodzi chachikulu cha chilankhulo chawo chotanthauza tiyi, ndipo chimaoneka uli kutali kwambiri. Banja limene linatilandira lili ndi agogo aakazi a zaka zopitirira 80, mwana wawo wamwamuna wa imvi kale, ndi mkazi wake. Minda yambiri amadula ndi makina ogwira anthu awiri, wina mbali iyi ya mzere wina mbali inayo, thumba lalitali likufufuma kumbuyo. Koma kamunda kamodzi kakumtunda amakatchola pamanja, ndipo agogowo ndi amene amalamula kumeneko.

Anandipatsa dengu n'kuyamba kundionetsa: nsonga imodzi ndi masamba awiri. Ndinangowayang'ana n'kuyamba kutchola ndi manja onse awiri, monga ankachitira amayi. Agogo anaima. Anafunsa mphwanga kuti munthu uyu waphunzira kuti. Mphwanga atawafotokozera, anabwera n'kugwira dzanja langa, kulitembenuza, kenako n'kundidzudzula pa chinthu chimodzi: ndinkadula ndi chikhadabo. Anati chikhadabo chimavulaza phesi, pabalapo pamafiira tsamba lisanafike ku nthunzi. Iwo amapinda phesi ndi mnofu wa chala mpaka lithyoke lokha. Ndinayesa, liwiro langa linatsika ndi theka. Kwathu wotchola amalipidwa ndi kulemera kwa dengu, ndiye dzanja limaphunzira kuthamanga. Agogo awa dzanja lawo linaphunzira kusamala, chifukwa tiyi ameneyu adzamwa okha ndi kugulitsa m'paketi yolembedwa dzina la banja lawo. Zala zawo ndi zakuda m'mphepete mwa zikhadabo, zong'ambikang'ambika. Ndinazizindikira zala zimenezo.

Pakati pa mizere ndinkaponda pofewa ngati pamatiresi. Nditafukula ndinapeza udzu wouma wochindikala, pansi pake dothi lakuda lonunkhira bwino, lodzaza nyongolotsi. Mwana wa agogo uja anandilozera timalo ta tchire tosalimidwa tozungulira minda. Timatchedwa chagusaba. Chakumapeto kwa chaka amamweta udzu wamtali wonga tsekera ndi tinsungwi tating'ono pamalopo, kumanga mitolo kuti uume, kuudula, n'kuuyala m'mizere ya tiyi m'nyengo yozizira. Udzuwo umasunga chinyezi, umaletsa dothi kukokoloka, ukawola n'kukhala manyowa, ndipo iwo amati umakometsa tiyi. Chifukwa chomweta chaka ndi chaka, m'tchiremo mumamera maluwa ndi zomera zamitundu yoposa 300 zimene zikanaphedwa ndi mthunzi wa mitengo. Mu 2013 bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, linaika ulimi umenewu pa mndandanda wa njira zaulimi zofunika kusungidwa padziko lonse. Ife timauza alimi tsiku ndi tsiku za kuphimbira nthaka, pomwe udzu wa m'mapiri mwathu umapsa ndi moto wolusa chaka chilichonse. Bamboyo sanabise kuti ntchitoyi ndi yowawa. Anati imadya nyengo yonse yozizira, ndipo msana wake ukuyamba kukana.

Ndinafunsa za ana. Wina ali ku Tokyo, wina ku Nagoya. Amabwera pa tchuthi kudzathandiza masiku awiri kapena atatu. Sanawonjezere mawu, ndipo ine sindinafunsenso.

Madzulo tinamwa tiyi wopangidwa dzulo lake, shincha, kutanthauza tiyi watsopano. Kapu yoyamba agogo anakaiika pakaguwa ka makolo kam'nyumba mwawo, ife tisanalawe. Masamba otsala mu kyusu anawathira msuzi wa soya pang'ono, tinadya ngati ndiwo.

2 Meyi, Uji

Sitima yothamanga ija inatifikitsa ku Kyoto pasanathe maola awiri, kenako ina yaing'ono mpaka ku Uji. Anthu ndi ochuluka zedi chifukwa sabata ino ndi ya tchuthi chachikulu. Msewu wopita kukachisi wa Byodo-in, amene chithunzi chake chili pa kandalama ka ma yen 10, ndi wa masitolo a tiyi mbali zonse, ndipo fungo la tiyi wokazinga, hojicha, limakulonjera uli patali. Pafupi ndi mlatho wa Uji pali sitolo ya Tsuen imene mbiri yake imayambira mu 1160. M'masitolo angapo munali zikwangwani zoti munthu mmodzi agule kachitini kamodzi kokha ka matcha, tiyi wobiriwira waufa.

Tiyi anafika ku Japan ndi amonke achibuda obwerera kuchokera ku China. Mu 815 mmonke Eichu anapereka tiyi kwa mfumu Saga. Koma amene amatchulidwa kwambiri ndi Eisai, amene anabwerako ku China mu 1191 ndi njere za tiyi komanso njira yomwera tiyi wopera, ndipo mu 1211 analemba buku la Kissa Yojoki lofotokoza tiyi ngati mankhwala. Njere zina anapatsa mmonke Myoe wa ku Kozan-ji. Kuno amasimba kuti anthu a ku Uji atasowa kuti abzale motalikana bwanji, Myoe anakwera kavalo n'kuyenda m'munda, n'kuwauza kuti aziika njere paliponse pamene paponda chiboda. Pali mwala wokumbukira nkhaniyi patsogolo pa kachisi wa Manpuku-ji.

Ndinapera matcha pamphero yamwala yozungulira. Amati uzizungulitsa kamodzi pa sekondi, osapitirira, chifukwa ukafulumira mwala umatentha n'kuwononga mtundu ndi fungo. Mphero imodzi imatulutsa magalamu ngati 40 pa ola, ndipo mbale imodzi ya tiyi imafuna magalamu awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

3 Meyi, Ujitawara ndi Wazuka

Mmawa tinapita ku Yuyadani, kachigwa kopapatiza ka ku Ujitawara, kukaona nyumba yofolera ndi udzu imene ili pamalo pamene anabadwira Nagatani Soen. Munthu ameneyu ndamukonda. M'masiku ake tiyi wabwino, wolimidwa pamthunzi, ankaloledwa kupangidwa ndi mabanja ochepa osankhidwa a ku Uji, ndipo chaka ndi chaka ankanyamulidwa m'mitsuko pa ulendo waulemu kupita kwa shogun, wolamulira wa banja la Tokugawa, ku Edo (lero ndi Tokyo), anthu wamba akugwada m'mbali mwa msewu. Anthu wambawo ankamwa tiyi wofiirira wa masamba okhwima. Soen anali mlimi chabe. Anayesa zaka 15, ndipo mu 1738, ali ndi zaka zoposa 50, anapeza njira yake: kutchola nsonga zanthete zokha, kuzipyoza mu nthunzi, n'kuzipukusa ndi manja pathebulo lapepala lokhala ndi makala pansi mpaka ziume. Anapita naye ku Edo, wamalonda wina dzina lake Yamamoto Kahei anamugula, ndipo umu ndi mmene anayambira sencha, tiyi wobiriwira wamasamba amene dziko lonseli likumwa lero. Makina onse amene ndinaona pa 30 Epulo paja akungotsanzira manja a mlimi ameneyu. Pafupi ndi nyumbayo pali kakachisi kamene amamulemekezerako.

Masana tinafika ku Wazuka, tauni ya anthu osakwana 4,000 imene imatulutsa gawo lalikulu la tiyi wa m'chigawo cha Kyoto. Minda ya ku Ishitera imakwera phiri mpaka pamwamba penipeni, yotsetsereka kuposa ya ku Thyolo. Koma yambiri inali yofundidwa ndi maukonde akuda. Ameneyu ndi tencha, tsamba limene likaperedwa limakhala matcha. Amalifunda masiku 20 kapena kuposa lisanatcholedwe. Tsamba losowa dzuwa limatambasuka, limapyapyala, limabiriwira kwambiri, ndipo chinthu chimene chimapatsa tiyi kukoma kwa msuzi kuja sichisanduka chowawa chomanga lilime ngati nthochi yosapsa. Alimi ochepa akugwiritsabe njira yakale yotchedwa honzu: amamanga chisakasa, kuyalapo mphasa zabango, patapita masiku n'kuwazapo mapesi a mpunga. Tinalowa pansi pa chisakasa chotere. Munali mdima wozizira bwino ndi fungo lokoma longa la ndere za m'nyanja. Tencha sapukusidwa. Akachoka mu nthunzi amaulutsidwa ndi mphepo m'maukonde aatali kuti masamba asamatane, kenako amaumitsidwa mu uvuni wautali wanjerwa.

Mlimi amene anatiyendetsa, bambo wazaka za m'ma 40, ndi mmodzi mwa achinyamata a m'deralo. Anati matcha akufunidwa kunja kuposa kale lonse. Mu 2024 Japan inagulitsa kunja tiyi wobiriwira wa ma yen 36.4 biliyoni, wambiri mwa iye waufa, wokathera m'makapu a mkaka ndi m'makeke. Pamene kunja akulimbirana, m'nyumba za kuno kyusu ikusowa. Achinyamata amagula tiyi wa m'botolo pamakina a m'mbali mwa msewu, ndipo tiyi wa m'botolo safuna tsamba lodula. Ndiye alimi ambiri akusiya sencha n'kufunda minda yawo. Iye anati ndalama ikubwera, koma akuopa: kufunda kumafooketsa chitsamba cha tiyi, ndipo anthu akunja akadzatopa naye matcha, luso la sencha lidzakhala litapita ndi okalamba. Walira mvula walira matope.

Pobwerera anaimitsa galimoto pamunda wina wosiyidwa. Tiyi anali atakula kupitirira mutu wanga, zilambe zitamukulunga. Mwini wake anamwalira, ana ali m'tauni. Minda yotsetsereka ngati iyi makina okwerapo sangalowemo. N'chifukwa chake mu 2024 Kagoshima, kummwera kumene minda ndi yathyathyathya, inapitirira Shizuoka koyamba: matani 27,000 pamene Shizuoka inapeza 25,800. Zinandiwawa kuona munda umenewo. Ku Mulanje mlimi amalimbana ndi mbale wake chifukwa cha mizere iwiri.

4 Meyi, Kyoto

Mayi wina wophunzitsa mwambo wa tiyi, chanoyu, anatilola kukhala nawo pamodzi ndi ophunzira ake atatu. Tinadutsa m'kamunda konyowa, kuponda pamiyala yowazidwa madzi, n'kuwerama pabeseni lamwala kusamba m'manja ndi kutsuka m'kamwa. Khomo la chipindacho ndi kabowo, kutalika kwake sikufika pa mita. Umalowa chokwawa. Kale wa lupanga ankalisiya panja, ndipo mkulu ndi wamng'ono onse ankalowa mutu uli pansi.

Amene anakhazikitsa mwambowu mmene ulili lero ndi Sen no Rikyu, wobadwa mu 1522 m'banja la amalonda ku Sakai. Anatumikira olamulira awiri amphamvu, Oda Nobunaga ndi Toyotomi Hideyoshi. Hideyoshi anali ndi chipinda cha tiyi chokutidwa ndi golide. Rikyu anamanga cha makoma adothi cha mikeka iwiri yokha, Tai-an, chimene chilipobe ku Oyamazaki, ndipo mbale zake ankaumbitsa kwa Chojiro, zakuda, zoumba ndi manja. Mu 1591 Hideyoshi anamulamula kuti adziphe. Ana a mdzukulu wake anayambitsa nyumba zitatu zophunzitsa tiyi zimene zilipo mpaka lero mumzinda uno: Omotesenke, Urasenke ndi Mushakojisenke.

M'chipindamo munali chikwangwani chimodzi cholembedwa ndi burashi ndi duwa limodzi m'kachibo kansungwi. Mayiwo anati mwezi uno ndi pamene amatseka dzenje la moto lapansi limene amagwiritsa ntchito m'nyengo yozizira, n'kuyamba kuteleka pambaula, moto n'kuusunthira kutali ndi alendo kuti asamve kutentha. Tinayamba tadya kachakudya kotsekemera ka nyemba. Kenako anapukuta chiwiya chilichonse ife tikuona, ngakhale zonse zinali zoyera kale, n'kuthira ufa ndi madzi m'mbale, n'kutakasa ndi kachipukuso kansungwi kotchedwa chasen. Pafupifupi tonse topangidwa m'dziko muno timachokera kumudzi umodzi, Takayama, ku Nara. Palibe ankalankhula. Kunkangomveka madzi akulira mu ketulo yachitsulo.

Mbale ikafika kwa iwe umapepesa kwa mnzako wotsatira kuti ukumwa iye asanamwe, umathokoza wokonza, umaikweza pang'ono, n'kuitembenuza kawiri kuti usamwere kumaso kwake. Ndinali ndi mantha kuti ndilakwitsa, koma thupi linkadziwa kale zambiri. Kugwada popereka chinthu, kulandira ndi manja awiri, kusamba m'manja usanadye, kuyamba wapatsa mlendo: amayi anatiphunzitsa zonsezi pakhonde la nyumba ya pa esiteti. Mayiwo atafotokoza kuti pa mwambo wathunthu tiyi wokhuthala, koicha, amamwera mbale imodzi alendo onse mopatsirana, ndinaona chipanda cha thobwa chikuzungulira pa chinkhoswe.

Chinthu chimodzi sindinachiyembekeze. Matcha amene tinamwa si wa chaka chino. Mwa mwambo, tencha wotcholedwa mu Meyi amatsekeredwa mumtsuko kuti akhwime, ndipo mtsukowo umatsegulidwa mu Novembala. Tsiku limenelo kwa anthu a tiyi lili ngati chaka chatsopano. Masamba amene ndinawaona dzulo pansi pa chisakasa chabango adzadikira miyezi 6.

Nditamaliza kumwa, mayiwo anandilola kuigwira mbaleyo n'kuiyang'anitsitsa. Anatchula amene anaiumba, munda umene tiyi anachokera, ndi banja limene linapera.

5 Meyi, Shizuoka

Tabwerera kwa mphwanga, mawa ndinyamuka. M'chikwama muli kyusu imodzi ndi mapaketi atatu a shincha amene agogo a ku Higashiyama anakana kuti ndilipire. Imodzi ndi ya amayi. Ziwirizo ndikamwa ndi alimi a m'kalabu yathu, opanda shuga, ndipo mvula ikadzagwa mu Disembala tiyi n'kuphukira, tidzatchola dengu limodzi la nsonga zokhazokha, kulipyoza mu nthunzi pamphika, n'kupukusa ndi manja. Tsamba lathu la ku Assam lidzawawirapo, ndikudziwa. Koma ndikufuna aliyense wa iwo adzalawe za m'munda mwake.

Madzulo ano tinaimbira amayi. Ndinawasimbira za mafani, za mphero, za khomo lolowa chokwawa. Anangoti, "Oo, chabwino." Nditafika pa agogo aja ndi pamene anayamba kufunsa.

"Amatcholabe pa msinkhu umenewo?"

"Eya amayi, koma m'munda mwawomwawo."

"Nanga kapitawo wawo ndani?"

"Palibe. Kapitawo ndi iwowo."

Anakhala chete pang'ono. Kenako anati, "Zala zawo zikuoneka bwanji?"

"Ngati zanu, amayi."

"Ndiye mukawalonjere. Muwauze kuti mnzawo wa ku Thyolo akupereka moni."

Mphwanga wapita kukagula positikhadi. Ine ndizinena mawu a amayi, iye azilemba m'chilankhulo chawo.